A Gregorio Ogwira Pansi

Mpaka chaka chatha, mukanafika pa Milonde n'kufunsa kwa a Gregorio, anthu akanayamba ayang'anizana kaye. Koma mukanangoti, "Alamu awo a Pilato, a mangolongondo aja," ngakhale mayi wa tomato akanakulozerani njira ndi mlomo, manja ali pa milu yake. Nkhani imeneyi inkawapweteka a Gregorio kuposa nyamakazi ya m'mawondo mwawo, koma anali asanaiululepo kwa munthu aliyense.

Kwa inu amene simunawaonepo, mangolongondo alibe kukongola kulikonse. Ndi zipika khumi zosema, zotalika ngati mkono wa munthu wamkulu, zoyalidwa pamwamba pa mathunthu awiri a nthochi. Oimba amakhala awiri moyang'anizana, wina uku wina uko, aliyense ndi timitengo tiwiri m'manja. Mmodzi amagwira pansi, kutanthauza kuti amamenya kanyimbo kamodzimodzi kozungulirazungulira, osathamanga, osachedwa, n'kumasiya timipata. Winayo amayenda pamwamba. Amalowa m'timipatamo n'kuikamo chilichonse chimene chamufikira nthawi yomweyo, moti nyimbo imene mwaimva lero simudzaimvanso chimodzimodzi mawa. A Gregorio ankagwira, a Pilato ankayenda, ndipo zinali choncho kwa zaka makumi anayi ndi zisanu.

Onse awiri anabadwira kutsidya kwa malire, cha ku Milanje, m'midzi yoyandikana. Kuimbako anakuphunzirira kumunda ali anyamata, akulondera chimanga kuti anyani asachithe, poti anyani amadana ndi phokoso. Amene anawaphunzitsa anali amalume awo a Pilato, munthu wosadziwa kuseka. Tsiku loyamba lenileni mkuluyo anangowayang'ana kamodzi n'kuti, "Iwe wofatsawe gwira, iwe wosakhazikikawe yenda." Basi, anagawa moyo wa anthu awiri ngati akubenthula chinangwa chowotcha. Lamulo lake linali limodzi: wogwira sasuntha. Ankati kusuntha n'kumuchotsera mnzako mpando iye akukhala, ndiye ukangoterereka pang'ono kamtengo kankatera pazala. Kusuntha mwangozi ankakhululuka mawa lake. Kusuntha dala ayi. Kwa oimba a kumeneko chimenecho chinali chipongwe choposa kumutukwana mnzako pamaliro.

Mu 1986 nkhondo itafika pakhomo, anawoloka mtsinje wa Muloza ndi bulangete limodzi anthu awiri. Kumsasa wa othawa kwawo a Gregorio anabwereka kasemasema n'kusema zipika zina, ndipo anthu amene anali atasiya kuseka anayamba kumabwera masana kudzamvera. Nkhondo itatha ambiri anabwerera. Awiriwa anatsala, chifukwa amayi awo a Pilato anali atapeza abale kufupi ndi Milonde amene anawagawira malo, komanso chifukwa maso a Gregorio anali atagwera kale pa Florinda, mlongo wake wa mnzawoyo. Analowa chikamwini, ubwenzi uja n'kusanduka chilamu. Kenako anathyola tiyi kuesiteti zaka makumi awiri ndi zinayi, dengu kumsana, mpaka msanawo unakana. Lero amalima nandolo, chinangwa ndi kamunda ka chinanazi kuseri kwa nyumba.

Koma mangolongondo sanawasiye. A Gregorio ndiwo ankasankha mtengo, ndiwo ankauumitsa pamthunzi miyezi inayi, ndiwo ankadziwa kuti ukasema pamimba pa chipika mawu amatsika, ukasema kunsonga amakwera. Tsiku la msika ankadula mathunthu a nthochi atsopano, kumanga zonse panjinga, n'kukankha mtunda wonse thukuta lili kamukamu. A Pilato, amene ndi telala pakhonde la sitolo ina pamsika pomwepo, ankangovundikira makina awo, kukonza chipewa, n'kubwera atavala shati ya zigamba zisanu ndi ziwiri zotsala ku nsalu za anthu. Anthu akangowaona ankayamba kukuwa, "A Pilato! A Pilato afika!" ngati zipikazo zabwera zokha ndi miyendo yawo.

Tisaname, a Pilato ndi munthu wopatsidwa. Manja awo akalowa m'timipata muja, ngakhale wogontha mtima amaima. Ndiye pakamwa napo sipankagona. Aliyense wodutsa ankamulowetsa m'nyimbo pompopompo. Tsiku lina anaona kapitawo wina wakale wa kuesiteti akudutsa ndi tambala kukhwapa, iwo n'kuyamba:

"Akapitawo, kale munkakuwa nokha,
lero mwagula wokuwa m'malo mwanu."

Msika wonse unafa nalo phwete, ndi mwini tambala yemwe. A Gregorio nawo anamwetulira, manja osaphonya. Koma amene anathyola tiyi zaka khumi pansi pa kapitawo ameneyo anali iwo, ndipo nkhani za mkuluyo anawafotokozera a Pilato ndi iwo omwe.

Pa Milonde nyimbo ya mangolongondo si ya oimba okha. Paukwati, pachinkhoswe kapena tsiku lomanga chiliza, aliyense amaponyamo chake. Wina akuwa dzina la mkamwini waulesi, a Pilato alitola, amayi avomera, wina ayambitsa m'manja, nyimbo n'kumakula anthu akuiona. Gule akakoma, ovina amakoka nyimbo kuti ithamange, ndipo amene ankalimbana ndi khamu lonselo kuti isathawe anali a Gregorio okha, msana uli tsonga, mano ali pamodzi. Ukwati ukatha, ntchafu ya nkhuku inkapita m'mbale ya a Pilato.

Kusukulu nako zinali zomwezo. A Wyson, mphunzitsi wamkulu wa sukulu ya pulaimale ya m'deralo, ankawaitana Lachisanu lililonse masana kuti ana a Sitandade 6 aphunzire za kwawo. Ana onse ankathamangira mbali ya a Pilato, mbali ya a Gregorio n'kutsala ngati benchi lakutsogolo m'tchalitchi. A Pilato ankawauza anawo kuti, "Musaganize, mverani pansipo. Pamene alamu asiya bowo, mulowe pomwepo." A Gregorio ankayesa kufotokoza kuti kugwira n'kovuta, kuti dzanja limafuna kutsatira zokoma zimene likumva pamwamba ndipo uyenera kulikaniza. Koma ndi mwana uti amene angakonde phunziro la kudzikaniza? Pomaliza a Wyson ankati, "Tiwaombere m'manja a Pilato ndi anzawo." Anzawo! Munthu wa zidzukulu zinayi, dzina lake lili m'buku la ubatizo, n'kumatchedwa anzawo. Akatero a Gregorio ankamanga zipika panjinga n'kumapita.

A Wyson omwewo ndiwo anajambula kanema pafoni n'kumutumiza kwa aphunzitsi anzawo, ndipo kanemayo anayenda mpaka anakafika m'manja mwa Mayi Jenifer, mphunzitsi wa nyimbo pakoleji ina ku Zomba. Mayiwo anabwera m'mwezi wa Juni, tsiku la chiperoni, phiri litabisala lonse. Anali munthu waulemu, wa nsapato zafulati, amene anakhala pamphasa osadikira mpando. Anafotokoza kuti akulemba buku la mmene anthu amapekera nyimbo ali mkati moimba, popanda kukonzeratu, ndipo akufuna kuti ophunzira awo amve zimenezi kwa eni ake, osati m'mabuku mokha.

"Mumadziwa bwanji koti mupite, bambo Pilato?" anafunsa.

"Sindidziwa, madamu. Manja amayamba afika, ine ndimabwera pambuyo."

Mayi Jenifer analemba mawuwo mofulumira. Anafunsa mafunso ena khumi ndi awiri, onse kwa a Pilato. A Gregorio anali ndi yankho la funso lililonse, lokonzeka pamlomo, koma palibe amene anawatembenukira. Kenako mayiwo anati abweranso pakatha masabata awiri kudzajambula bwinobwino, ndipo akatero asankha munthu mmodzi woti akakhale ku Zomba miyezi itatu akuphunzitsa.

"Mmodzi yekha, madamu?" anafunsa a Wyson. "Si amaimba awiri?"

"Malo alipo a mmodzi. Mbali yogwirayo ophunzira anga akhoza kuidziwa m'sabata imodzi, poti ndi yobwerezabwereza." Atatero anatembenukira kwa a Gregorio, akumwetulira mwachikondi ndithu. "Pepani bambo, dzina lanu ndani? Ndikufuna ndilembe pa othandiza."

Anatchula dzina lawo.

Kunyumba anapeza a Florinda ali pakhonde, akusenda chinangwa cha makaka.

"Bambo a Favour, nkhope imeneyo mwaitola kuti? Mbuzi zalowa m'chinanazi?"

"Sabata imodzi," anatero a Gregorio akutsamiritsa njinga kukhoma. "Akuti zanga zija ndi za sabata imodzi. Achimwene anuwo ali pomwepo, ali duu, osanena n'kamodzi komwe kuti iyayi madamu, sizili choncho."

"Ndiye inu munanena?"

"Ndinene ine mwini wake?"

"Nanga anene ndani? Inu mukufuna ku Zomba, munthu woti kumphakati akakupatsani pemphero mumayamba chifuwa?" A Florinda anaponya chinangwa m'beseni. "Imeneyo ndi nsanje, bambo, ndipo si ya lero. Ndinakwatiwa nayo pamodzi ndi inu."

Ananena zoona, ndipo zoonazo zinangokoleza moto. Masabata awiri amenewo a Gregorio anapalira chinanazi chopalira kale, mutu uli ku Zomba. Ankawaona a Pilato atavala shati ya zigamba ija pamaso pa anthu ophunzira, akuwomberedwa m'manja, dzina lawo lili pachikuto cha buku, pomwe iwo ali pamzere wa othandiza limodzi ndi woyendetsa galimoto. Malo amenewo ankawafuna, ankawafuna ndi mtima wonse. Ndipo poti sakanatha kukwera kufika pamene panali alamu awo, anaganiza zowatsitsa. Kamodzi kokha, pamaso pa makamera, a Pilato agwe, mayi aja aone kuti munthu woyenda pamwamba amaponda pa chiyani. Ankadziwa bwinobwino kuti chimenecho n'chipongwe, koma anapitiriza kuchikonza m'mutu tsiku ndi tsiku.

Tsiku lojambula linali Loweruka m'mawa, pabwalo la sukulu pansi pa mitengo ya mango. Mudzi wonse unabwera, ena ochokera kutsidya panjinga. Mayi Jenifer anaimika makamera awiri kuti manja a onse azioneka, n'kupempha kuti aimbe monga amaimbira masiku onse. A Pilato anakonza chipewa n'kuti, "Pronto, tiyeni alamu. Dengu." Imeneyo inali nyimbo yawo yakale yotchedwa "Dengu lalemera", imene a Gregorio akanatha kuigwira ali m'tulo.

Anaigwira bwinobwino maulendo khumi, mpaka a Pilato anamasuka, maso ali m'masamba a mango, pakamwa payamba kale kuseka amayi a m'mudzi. Pamenepo a Gregorio anachedwetsa dzanja lamanzere pang'ono pokha, bowo lija n'kusamuka. Onse awiri anamenya chipika chimodzi nthawi imodzi, chinalira mogontha, khu! A Pilato anadzidzimuka, koma m'malo mogwa anabwereza kugonthako dala kawiri, ngati ndi zimene ankafuna, n'kulowa m'bowo latsopanolo. Anthu anati, "Eee!"

A Gregorio anakukuta mano. Anathamanga, a Pilato anathamanga nawo. Anadumpha chipika chachitatu, chimene nyimbo yonse imatsamirapo, a Pilato anachimenya iwo. Anatembenuza manja, zakumanja kupita kumanzere. Analumphira m'nyimbo ina ya kumunda, ya ali anyamata, pakatikati penipeni popanda chenjezo. Apa n'kuti a Pilato atasiya kuimba pakamwa. Chipewa chinagwa osachitola. Maso anatsika m'mitengo muja n'kukhazikika pa manja a alamu awo, thukuta likudontha pazipika. Kamodzi kokha anadzutsa nkhope n'kuwayang'ana a Gregorio m'maso, ndipo a Gregorio anaona kuti adziwa. Koma kunjaku anthu ankamva zina. Nyimbo yotere inali isanamvekepo pa Milonde. Amayi anadzuka n'kumanga zitenje m'chiuno, nthungululu zili pakamwa, ndipo Mayi Jenifer anaiwala kulemba.

Kachisanu ndi chimodzi a Gregorio anachita chimene amalume aja akanawathyolera nacho chala. Anakweza manja onse awiri n'kusiya. Pansi panalibe kanthu. Apa ndiye agwa basi, anatero chamumtima. Koma a Pilato, osaphonya ngakhale kamodzi, anatsika okha n'kuyamba kugwira "Dengu lalemera", mbali ya a Gregorio yeniyeniyo, n'kumasiya timipata monga mmene iwo ankasiyira. Timipatato tinali yasa, tikudikira, ndipo anthu mazana awiri anali akuyang'ana munthu amene wakweza timitengo m'mwamba. Panalibe kothawira. A Gregorio analowa.

Zimene zinatuluka m'manja mwawo iwonso sanazidziwe. Zonse zimene anazimva pamwamba pawo kwa zaka zonse zija n'kumadzikaniza zinatuluka nthawi imodzi, zina zokhota, zina zaukali, zina zokoma moti misozi inalengeza m'maso mwawo. Anayenda, munthu wofatsa uja, anayenda mpaka a Pilato anatseka nyimbo ndi zipika ziwiri zazikulu. Bwalo linaphulika. Munthu wina wa kutsidya anafunsa mokweza kuti, "Kodi dzina lawo ndani akuluwa?" ndipo dzinalo linayenda pakamwa ndi pakamwa. Kunena zoona, zinawakomera. Zinawakomera kwambiri, moti anakhala pomwepo akulandira manja a anthu mpaka dzuwa linafika pamutu.

A Pilato anatola chipewa, kuchisasa fumbi, n'kuchoka osadikira tiyi amene a Wyson anakonza. Panjira yobwerera a Florinda anayenda kutsogolo osacheuka. Atafika pakhomo anangoti, "Ine ndinakulira pafupi ndi zipika zimenezi, bambo a Favour. Ena aja avina, ine ndamva."

Misika itatu yotsatira mangolongondo sanalire. A Gregorio ankadula nthochi, kumanga njinga, kukankha mpaka pamsika, n'kungomva kuti a Pilato akuti dzanja likuwawawa. Dzanja lowawalo linkatha kusoka tsiku lonse. Kenako Mayi Jenifer anatulukira pakhomo pa a Gregorio penipeni, ndi mapepala ataliatali odzaza timadontho. Anali ataonera kanema uja pang'onopang'ono n'kulemba kumenya kulikonse, kwa a Pilato ndi inki yakuda, kwa a Gregorio ndi yofiira.

"Taonani apa, bambo. Kasanu ndi kamodzi nyimbo ikusintha njira, ndipo kasanu ndi kamodzi oyamba kusuntha ndi ofiirawa. Ine ndinkayang'ana mbali yolakwika, mundikhululukire. Ndadzera kwa a Pilato kuwafunsa ngati munapangana, iwo akuti, 'Mmenemo ndi mmene timaimbira, madamu. Otsegula njira ndi alamuwo, ine ndimangotsatira. Atengeni amenewo.' Ndiye ndabwera kudzakupemphani."

Apa ndi pamene munthu akananena zoona. A Florinda anali chiimire pakhomo la khitchini, akuwayang'ana. A Gregorio anayang'ana timadontho tofiira tija, chipongwe chawo chitalembedwa mwaukhondo papepala loyera, n'kuti, "Zikomo, madamu. Ndipita."

Kutatsala tsiku limodzi kuti anyamuke, anapita pakhonde la a Pilato. Anawapeza akusoka yunifolomu ya sukulu.

"Alamu, ndimati ndidzatsanzike."

"Muyende bwino." Makina sanaime.

"Munawanamiziranji madamu aja?"

Apa phazi linaima. "Mumafuna ndinene chiyani? Kuti mwamuna wa mlongo wanga anandichotsera mpando kasanu ndi kamodzi pamaso pa mudzi? Zilembedwe m'buku zimenezo, ana a Favour adzawerenge?"

"Inu simunanenepo n'kamodzi komwe kuti mbali yanga ndi yovuta."

"Sindinanene, eya. Ndimayesa mukudziwa. Ine zaka zonsezi ndimaimba osayang'ana manja anu, alamu, chifukwa ndimadziwa kuti ali pomwepo. Tsiku lija ndinawayang'ana. Ndikadzakhalanso kutsogolo kwanu ndizidzawayang'anabe, ndipo ine choncho sindingaimbe." Anakoka nsalu n'kuluma ulusi. "Munaimba bwino tsiku lija. Zinandiwawa, koma munaimba bwino. Pitani."

A Gregorio ananyamuka m'mawa mwake pa minibasi, zipika zili m'thumba pamiyendo. Ku Zomba anawalandira mwaulemu. Anawapatsa chipinda cha magetsi, ndipo pachitseko cha kalasi anamatapo pepala la dzina lawo lonse, Gregorio Namakhwa, m'zilembo zikuluzikulu. Ophunzira makumi awiri, ena a ndevu zawo, ankawatchula aphunzitsi. Kugwira kwa sabata imodzi kuja, mwezi unatha ophunzirawo asanakudziwe, ndipo a Gregorio anakondwa nazo chamumtima, ngakhale analibe woti akondwe naye.

Koma chimene Mayi Jenifer ankafuna kwenikweni chinali cha tsiku lija. "Aonetseni mmene mumatsegulira njira," anatero. A Gregorio ankagwira, wophunzira n'kuyamba kuyenda, iwo n'kusuntha pang'ono pokha, wophunzirayo pomwepo wasokonezeka, akuseka, akupepesa. Wachiwiri chimodzimodzi, wachitatu chimodzimodzi. Anayesa kuyenda okha pamwamba wophunzira atagwira, manja anangouma. Zija zinatuluka kamodzi, pamaso pa munthu mmodzi, ndipo munthuyo anali ku Milonde akusoka mayunifolomu. Mayi Jenifer ankati mwina ndi kuzizira kwa ku Zomba, azolowera.

Tsiku lina la msika, masana, foni inalira ali pansi pa mtengo kuseri kwa kalasi. Anali a Florinda. Anafotokoza za mbuzi, za chinanazi chimene chayamba kupsa, za mdzukulu amene wachira malungo, koma kumbuyo kwa mawu awo kunkamveka chinthu china.

"Kodi muli pamsika? Chikulira n'chiyani?"

"Achimwene ayambanso."

"Zipika azitenga kuti?"

"Zakale zija, zimene munasiya kuseri kwa nyumba."

"Akugwira ndani?"

"A Spencer, akalipentala aja."

"Spencer? Munthu woti miyendo ya tebulo siilingana uja? Tandiyandikizirani foniyo."

Anamva. Spencer ankathamanga, ankathamangadi, dzanja lamanzere likutsogola lokha. Pamwamba pake a Pilato ankayenda bwinobwino, akuimba za munthu wina wodutsa, ndipo msika unali kuseka. Nsanje imene inawagwira a Gregorio pamenepo inali yoposa zonse zimene anazimvapo m'moyo wawo, ndipo sinali pa a Pilato. Inali pa kalipentala amene wakhala pafumbi moyang'anizana ndi alamu awo, pamalo amene munthu sayang'anapo.

"Mayi a Favour, kamuuzeni Spencer achepetse kumanzereko," anatero a Gregorio. "Akuwathamangitsa alamu."

"Ndikawauze kuti anena ndani?"

A Gregorio anapanikiza foni pakati pa khutu ndi phewa, manja n'kuyamba kumenya pantchafu, kugwira nyimboyo mmene imafunikira kugwiridwa. Mayunitsi atatha foni inaduka, iwo anapitiriza kugwirabe, mpaka Mayi Jenifer anasuzumira pawindo n'kuwauza kuti ophunzira akudikira.